Nkhuku, akalulu ndi miyendo 94: kumene masamu a nkhani anachokera

Mphunzitsi aliyense wa masamu anakumanapo ndi funso la khola momwe muli nkhuku ndi akalulu, mitu 35, miyendo 94, ndipo wophunzira apeze kuti nkhuku ndi zingati, akalulu ndi angati. M'mabuku a makalasi oyambirira a sekondale kuno ku Mozambique, funso lotere limabwera m'Chipwitikizi pansi pa mutu wa sistemas de equações. Wophunzira amayenera kulemba x + y = 35 ndi 2x + 4y = 94, kenako atsate njira ya substituição kapena ya adição ordenada mpaka yankho lituluke. Ana ambiri njira ziwirizi amazikwanitsa akapeza mizere iwiri ija italembedwa kale pa bolodi. Akapatsidwa nkhani yokha ya khola, mitu ndi miyendo, cholembera chimaima. Pamenepo mlandu umagwera chinenero. Ena amati mwanayo sadziwa Chipwitikizi, ena amati zaka zomwe anaphunzira m'Chinyanja ku pulayimale ndi zomwe zinamuchedwetsa.

Mbiri ya funsoli ili ndi chonena pa mlandu umenewu. Likupezeka m'buku la ku China lotchedwa Sunzi Suanjing, lomwe linalembedwa pakati pa zaka za m'ma 200 ndi za m'ma 400, ndipo manambala ake ndi omwewa, 35 ndi 94. Kusiyana n'kwakuti m'malo mwa nkhuku munali mbalame za m'tchire zofanana ndi nkhanga. Njira yomwe bukulo limapereka ndi yaifupi. Miyendo 94 igawidwe pakati, itsala 47. Pa 47 pachotsedwe mitu 35, patsala 12. Amenewo ndiye akalulu, ndipo mbalame ndi 23. Chifukwa chake mwana wa kalasi yachinayi akhoza kuchiona ndi maso: miyendo ikagawidwa pakati, mbalame iliyonse imatsala ndi mwendo umodzi wolingana ndi mutu wake umodzi, pomwe kalulu aliyense amatsala ndi iwiri, choncho mwendo uliwonse wapadera ukuimira kalulu mmodzi. Funsoli linawolokera ku Japan, komwe nyama zake zinasanduka akamba ndi mbalame za miyendo italiitali za m'madambo, ndipo ana a sukulu kumeneko amaliphunzirabe asanafike pa aljebra.

Nthawi imene bukuli linkalembedwa, x ndi y kunalibe. Zilembozi zinadzabwera patapita zaka zoposa 1000. Ndipo mafunso a zinthu ziwiri kapena zitatu zosadziwika anali atakalamba kale ngakhale m'masiku a bukulo.

Ku Berlin, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, muli phale ladongo la ku Babulo lomwe linapatsidwa nambala ya VAT 8389. Linalembedwa zaka pafupifupi 1800 mpaka 1600 Khristu asanabadwe, ndipo ndi la sukulu ya alembi. Nkhani yake ndi ya minda iwiri. Yonse pamodzi kukula kwake ndi sar 1800 (sar imodzi inali malo a mamita asanu ndi limodzi mbali zonse). Munda woyamba umapereka magawo awiri mwa atatu a muyeso wa sila pa sar iliyonse, wachiwiri umapereka theka la sila, ndipo mbewu za munda woyamba zikuposa za wachiwiri ndi sila 500. Mlembiyo anayamba ndi kungoyerekeza kuti mindayo ndi yofanana, sar 900 uliwonse. Zikatero woyamba upereka 600, wachiwiri 450, kusiyana kwake 150 basi. Pakuperewera 350. Kenako anaona kuti sar imodzi ikachotsedwa ku munda wachiwiri n'kuikidwa ku woyamba, kusiyanako kumakula ndi magawo awiri mwa atatu kuphatikizapo theka, ndiye kuti 7/6. Kuti 350 akwane pafunika kusuntha sar 300. Minda ija ndiye ndi 1200 ndi 600.

Mlembiyu anayamba dala ndi yankho lolakwa, n'kuyeza kuti lalakwa motani, n'kulikonza. M'kalasi ya lero, mwana wonena kuti "tiyerekeze kuti zonse 35 ndi nkhuku, miyendo ikhala 70, yaperewera 24, ndiye tisinthe nkhuku 12 zikhale akalulu" kawirikawiri amauzidwa kuti akungolota, alembe equação. Chonsecho akuyenda m'njira yomwe inadyetsa alembi, amalonda ndi okhometsa msonkho kwa zaka zoposa 3000, ndipo si kulota ayi, chifukwa sitepe iliyonse ili ndi chifukwa chake.

Kumene nkhaniyi inafika pachimake kale kwambiri ndi ku China komwe kuja. Buku lotchedwa Jiuzhang Suanshu, kutanthauza mitu isanu ndi inayi ya luso la kuwerengera, linasonkhanitsidwa m'nthawi ya ufumu wa Han, cha m'zaka za kubadwa kwa Khristu. Muli mafunso 246 a ntchito za boma: kuyeza minda, kusinthanitsa mbewu, kukumba ngalande, kugawa msonkho. Mutu wachisanu ndi chitatu, wotchedwa fangcheng, uli ndi mafunso 18, ndipo loyamba ndi la mitolo ya mbewu za mitundu itatu, yabwino, yapakati ndi yotsika. Mitolo itatu yabwino, iwiri yapakati ndi umodzi wotsika ikapunthidwa imatulutsa miyeso 39. Iwiri yabwino, itatu yapakati ndi umodzi wotsika imatulutsa 34. Umodzi wabwino, iwiri yapakati ndi itatu yotsika imatulutsa 26. Kodi mtolo umodzi wa mtundu uliwonse umatulutsa zingati?

Wowerengera sankalemba kanthu. Ankatenga timitengo tansungwi n'kutiyala pamalo osalala m'mizere itatu yotsika, mzere uliwonse ukuimira chiganizo chimodzi cha nkhaniyo, kuyambira kudzanja lamanja. Mzere wakumanja unali 3, 2, 1 ndi 39 pansi pake. Wapakati 2, 3, 1 ndi 34. Wakumanzere 1, 2, 3 ndi 26. Ankachulukitsa mzere wonse wapakati katatu, n'kukhala 6, 9, 3, 102, kenako n'kuchotsamo mzere wakumanja kawiri, mpaka pamwamba pasatsale kamtengo. Pankatsala 5, 1, 24. Mzere wakumanzere ankauchita chimodzimodzi, n'kutsala 4, 8, 39. Akabwereza ntchito yomweyi pakati pa mizere iwiri yotsalayi, kumapeto kunkatsala 36 ndi 99, kusonyeza kuti mitolo 36 ya mbewu yotsika imatulutsa miyeso 99. Umodzi ndiye 2 ndi 3/4. Kuchokera pamenepo wapakati umapezeka kuti ndi 4 ndi 1/4, wabwino 9 ndi 1/4.

Mphunzitsi wa sekondale aizindikira njira imeneyi, chifukwa ndi adição ordenada yomwe ija. Ku yunivesite imatchedwa ndi dzina la Carl Friedrich Gauss, Mjeremani yemwe anaigwiritsa ntchito cha m'ma 1810 powerengera njira ya mwala wa m'mlengalenga wotchedwa Pallas. Dzinalo linangomamatira, koma njirayo inamutsogolera ndi zaka pafupifupi 1800. Pamalo pomwe panali timitengo ndi pomwe pankanena kuti nambala iyi ndi ya mbewu iti, ntchito yomwe lero amagwira x, y ndi z. Ndipo popeza pochotsa mzere wina mu unzake nthawi zina chochotsedwa chimakula kuposa chomwe chilipo, mutu womwewu uli ndi malamulo a manambala omwe lero amatchedwa negativos. Liu Hui, yemwe analemba ndemanga za bukuli m'chaka cha 263, anafotokoza kuti timitengo tofiira tinkaimira zomwe zilipo ndipo takuda tinkaimira zoperewera. Ku Ulaya akatswiri ena ankakanabe manambala oterewa mpaka zaka za m'ma 1700.

Mafunsowa ankayenda ndi amalonda, ndipo paliponse pomwe afika ankavala zovala za kumeneko. Chitsanzo chodziwika ndi cha nkhuku 100. M'buku la Zhang Qiujian la m'zaka za m'ma 400, tambala amagulidwa makobidi asanu, thadzi atatu, anapiye atatu khobidi limodzi, ndipo munthu agule nkhuku 100 ndi makobidi 100. Apa zosadziwika ndi zitatu koma ziganizo ndi ziwiri, choncho mayankho ndi angapo: atambala 4, mathadzi 18, anapiye 78, kapena 8, 11, 81, kapenanso 12, 4, 84. Cha m'ma 800, m'kabuku ka Chilatini ka mafunso onolera nzeru za achinyamata, komwe ambiri amati kanalembedwa ndi Alcuin wa ku York, mlangizi wa mfumu Charlemagne, funso lomweli likupezeka litasanduka la nkhumba. Yamphongo ndi madinari khumi, yaikazi asanu, tiana tiwiri dinari limodzi, ndipo yankho ndi yamphongo imodzi, zazikazi 9, tiana 90. Ku Egypt, Abu Kamil analemba kabuku konse ka mafunso ogula mbalame, nachita khama kuwerenga mayankho onse otheka. Palibe amene ankaona kuti masamu aonongeka chifukwa nkhuku yasanduka nkhumba. Wolemba aliyense ankasankha chiweto chomwe ophunzira ake ankachidziwa mtengo wake.

Dzina loti aljebra linachokera ku Baghdad, m'buku lomwe al-Khwarizmi analemba cha m'ma 820. Liwu lachiarabu loti al-jabr limanena za kubwezeretsa chinthu m'malo mwake, ndipo m'Chipwitikizi chakale algebrista anali munthu wolunga mafupa othyoka. Bukulo silinali kwenikweni la zosadziwika zingapo nthawi imodzi, koma pali chinthu chimodzi chomwe mphunzitsi wa zinenero ziwiri ayenera kuchidziwa za ilo: mulibe chizindikiro ngakhale chimodzi. Lonse ndi mawu, manambala omwe analembedwa m'mawu. Chosadziwika ankachitchula kuti shay, kutanthauza chinthu. Gawo lalikulu la bukulo ndi la kugawa chuma cha masiye motsata malamulo achisilamu. Buku lomwe linapatsa phunziroli dzina, tsono, linali la masamu a nkhani kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Leonardo wa ku Pisa, yemwe amadziwika kuti Fibonacci, anaphunzira kuwerengera ali mnyamata ku Bugia, doko lomwe lero ndi Béjaïa ku Algeria, komwe bambo ake ankagwira ntchito ya kasitomu ya amalonda a ku Pisa. Buku lake la Liber Abaci la mu 1202 ladzaza ndi anthu ofuna kugula kavalo koma aliyense ndalama zake n'zosakwana pokhapokha atabwereka gawo la za anzake, ndiponso anthu otola chikwama cha ndalama panjira. Mutu umodzi wonse ndi wa njira yoyerekeza kawiri molakwa n'kupeza yankho kuchokera pa kulakwa kuwiriko, ndipo dzina lomwe anaipatsa, elchataym, ndi lachiarabu lotanthauza zolakwa ziwiri. Leonardo analemba m'Chilatini. Koma sukulu za ana a amalonda zomwe zinatsegulidwa m'mizinda ya ku Italy pambuyo pake zinkaphunzitsa m'chinenero cha pakhomo ndi pamsika, ndipo mabuku awo analembedwa m'chinenerocho. Buku loyamba la masamu losindikizidwa ku Ulaya, la ku Treviso mu 1478, silinali la Chilatini. M'sukulu zimenezi liwu lachiarabu lija la chinthu linamasuliridwa kuti cosa, ndipo aljebra yonse ankangoitcha luso la cosa.

Ku Portugal nkhani ya chinenero inaonekera poyera. Mu 1519 ku Lisbon kunasindikizidwa buku la Gaspar Nicolas, Tratado da Prática d'Arismética, loyamba la mtundu wake m'Chipwitikizi. Linalembedwera amalonda a ulendo wa ku India, omwe zombo zawo zinkaima pa Ilha de Moçambique podikira mphepo. Kenako panabwera Pedro Nunes, katswiri wamkulu wa masamu wa dzikolo, wobadwa mu 1502, mphunzitsi wa ku Coimbra komanso mlangizi wamkulu wa mfumu pa za maulendo apanyanja. Buku lake la aljebra analilemba koyamba m'Chipwitikizi cha m'ma 1530, zaka zomwe amalonda achipwitikizi ankakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Linakhala zaka pafupifupi 30 lisanasindikizidwe. Litatuluka ku Antwerp mu 1567 linali m'Chisipanishi, ndipo Nunes yekha anafotokoza m'kalata yoyambirira kuti analimasulira chifukwa Chisipanishi chinkamveka kwa anthu ambiri. Chinenero chomwe lero chimaoneka ngati mwini wa aljebra m'makalasi a ku Angónia ndi ku Lago, nachonso chinaonedwapo kuti n'chochepa kunyamula buku la aljebra. Ndipo ngakhale m'buku limenelo, chosadziwika chinkalembedwa co., chidule cha cosa, pakati pa ziganizo za mawu.

Zizindikiro zinabwera pang'onopang'ono. Timizere tiwiri ta kufanana tinayamba ndi Robert Recorde mu 1557. François Viète mu 1591 anayamba kuimiritsa ndi zilembo manambala odziwika ndi osadziwika omwe. René Descartes mu 1637 ndi amene anatenga zilembo zakumapeto, x, y ndi z, kuti zikhale za zosadziwika. Phindu lake ndi lalikulu, ndipo palibe mphunzitsi amene angafune kubwerera ku timitengo: njira imodzi imathetsa funso la nkhuku, la minda ndi la kavalo popanda kufunafuna nzeru yatsopano nthawi iliyonse. Koma zilembozi zinabweretsa ntchito ina yomwe mlembi wa ku Babulo analibe, yosandutsa nkhani kuti ikhale mizere ya zizindikiro. Isaac Newton anaiona ntchitoyi bwino. M'maphunziro ake a aljebra, omwe anasindikizidwa mu 1707 ndi dzina loti Arithmetica Universalis, anaifanizira ndi kumasulira kuchokera ku chinenero china kupita ku chinzake, ndipo anaisonyeza poika mawu a funso kumanzere kwa tsamba, zizindikiro zake kumanja, kachidutswa ndi kachidutswa.

Kuti kumasuliraku n'kovuta ngakhale kwa eni chinenero, panapezeka umboni ku United States kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. John Clement ndi anzake a pa yunivesite ya Massachusetts anapatsa ophunzira 150 a chaka choyamba cha uinjiniya chiganizo chimodzi chachingerezi, chonena kuti pa yunivesite ina ophunzira ndi ochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa aphunzitsi, kuti achilembe m'zizindikiro, S ya ophunzira, P ya aphunzitsi. Oposa mmodzi mwa atatu aliwonse analakwa, ndipo ambiri mwa olakwawo analemba 6S = P m'malo mwa S = 6P. Anangotsata dongosolo la mawu, ndipo anatenga chilembo ngati dzina la munthu pomwe chimaimira chiwerengero. Awa anali achinyamata omwe anakhoza masamu a sekondale, akuyankha m'chinenero chomwe sukulu yawo yonse inayendera. Mwana wa ku Macanga amene wasokonezeka ndi o dobro de kapena mais do que ali ndi mavuto awiri, lina la Chipwitikizi, lina la kumasulira kwa Newton kuja, ndipo mayeso olembedwa m'Chipwitikizi chokha sasiyanitsa kuti wagwa pa liti.

Kuno ku Mozambique, m'nthawi ya atsamunda masamu a kusukulu anatsekeredwa m'chinenero chimodzi. Pangano la boma la Portugal ndi Vatican la mu 1940 ndi lamulo la mamishoni la mu 1941 zinapereka maphunziro a ana achiafirika m'manja mwa mamishoni achikatolika, ndipo Chipwitikizi ndicho chinali chokakamizidwa m'kalasi. Zinenero za kuno zinaloledwa pophunzitsa chipembedzo. Katekisimu akanatha kumveka m'Chinyanja, koma kuwonkhetsa ndi kuchotsera ayi. Ana ochepa kwambiri ndi omwe ankafika kalasi yomwe aljebra imayambira. Ufulu utabwera mu 1975, anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo boma latsopano linasunga Chipwitikizi kuti chikhale chinenero cha boma ndi cha sukulu pofuna umodzi wa dziko.

Kusintha kunayamba ndi kafukufuku. Paulus Gerdes ndi anzake anakhala zaka zambiri akusonyeza masamu omwe ali m'kuluka madengu, m'zojambula ndi m'kawerengedwe ka zinenero za kuno, ndipo mu 1993 anatulutsa buku la A numeração em Moçambique. Chaka chomwecho INDE inayamba kuyesa maphunziro a zinenero ziwiri mu pulojekiti ya PEBIMO, yomwe inatha mu 1997. Inachitikira m'zigawo ziwiri, ku Gaza m'Chichangana ndi ku Tete m'Chinyanja. Kuyambira 2003 maphunzirowa analowa m'sukulu za boma m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2018 linawatchula kuti ndi imodzi mwa njira ziwiri zophunzitsira ku pulayimale. Chinyanja, tsono, chili m'gulu la zinenero ziwiri zoyamba zomwe masamu anayesedwamo m'sukulu za boma za pulayimale m'dziko muno.

Komabe dongosolo lake lili ndi mpata. Chinenero cha mwana chimatsogolera m'makalasi oyambirira, kenako Chipwitikizi chimayamba kulanda malo cha m'kalasi yachinayi. Pamene sistemas de equações akufika ku sekondale, Chinyanja chimakhala chitachoka m'phunziro la masamu zaka zingapo zapitazo. Mwana amakumana ndi nkhani ya zosadziwika ziwiri, zilembo ndi mawu achilendo tsiku limodzi. Zomwe anthu anazichita motsatana, nkhani ndi kulingalira kwa pakamwa poyamba, timitengo pambuyo pake, zilembo kumapeto, iye amazilandira zitamangidwa mtolo umodzi. Mbiri siikakamiza kuti mwana aliyense adutse momwe anadutsa makolo a masamu, ndipo amene amanena zimenezo amawonjeza. Chomwe ikusonyeza n'chochepa koma chokwanira: mafunsowa amatheka popanda x ndi y, ndipo anathekapo m'Chiakadi, m'Chitchaina, m'Chiarabu ndi m'chinenero cha pamsika cha ku Tuscany. Gawo loyambalo ndi la mphunzitsi wa pulayimale, ndipo likhoza kuchitika m'Chinyanja. Mizere ya fangcheng imayalika pansi ngati maenje a nsolo, njere za chimanga zikuimira zomwe zilipo, nyemba zikuimira zoperewera.

Chinyanja nachonso chili ndi misampha yake, ndipo wolemba mafunso asaiwale zimenezi. Kawerengedwe kake kamaima pa zisanu. Wonena kuti m'khola muli mbuzi zisanu ndi ziwiri akunena 7, koma m'funso la ziweto za mitundu iwiri mwana akhoza kumva magulu awiri, la zisanu ndi la ziwiri. Pamsika anthu ambiri amatchula ndalama m'Chipwitikizi, a m'malire ena m'Chingerezi, choncho nambala ndi bwino ilembedwe m'zizindikiro. Vuto lina ndi la liwu loti kuposa. Chiganizo choti mbuzi zikuposa nkhosa kawiri chimamveka pawiri: wina amva kuti mbuzi zikuposa ndi ziwiri, wina amva kuti chiwerengero cha nkhosa chawirikizidwa. N'kusiyana komwe kuli pakati pa mais duas ndi duas vezes mais, ndipo kalasi yomwe yakangana za kusiyanaku m'Chinyanja imakafika ku Chipwitikizi ikudziwa choyang'ana. Palinso pomwe Chinyanja chimathandiza. Mphunzitsi akaumirira kuti mwana anene kuti x ndi chiwerengero cha nkhuku, asangoti x ndi nkhuku, watseka khomo lomwe ophunzira a uinjiniya aja analowera.

Mutu wachisanu ndi chiwiri wa Jiuzhang Suanshu ndi wa zotsala ndi zoperewera, ndipo funso lake loyamba ndi la anthu osonkherana kuti agule chinthu chimodzi. Aliyense akapereka 8 patsala 3, aliyense akapereka 7 paperewera 4. Nkhani yotere siifuna kufotokozera mwana wa kuno, chifukwa kusonkha amakuona pa maliro, pa ukwati ndi pa chikondwerero chotsekera sukulu. Ikavekedwa zakuno imamveka chonchi: anthu akusonkha kuti agule mbuzi; aliyense akapereka meticais 800 patsala 300, aliyense akapereka 700 paperewera 400. Mwana woganiza m'chinenero chake amaona kuti kuchoka pa kuperewera 400 kufika pa kutsala 300 pali mtunda wa 700, ndipo mtundawo watsekedwa chifukwa aliyense wawonjezera 100. Anthu ndiye alipo 7, mbuzi ndi ya 5300. Patapita zaka zingapo, ku sekondale, mwana yemweyo adzaona pa bolodi 800x − y = 300 ndi 700x − y = −400, ndipo akadzachotsa mzere wachiwiri mu woyamba padzatsala 100x = 700, mtunda uja ndi chowonjezera chija. Nambala ya −400 ndi yomwe Liu Hui akanaiyala ndi timitengo takuda.